Botolo la Dzina Langa

Lachinayi, 7 Ogasiti

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi ya pafupi ndi zenera, pansi pa fani yomwe imangopukusa mutu ngati ikukana mlandu.

Kope ili wandigulira Kwang, mwana wanga, pa kasitolo ka pachipata. Akuti ndizilembamo ndikasanza, chifukwa adokotala akandifunsa kuti kangati ndimangoti "kangapo", ndipo amene amapsa mtima ndi iyeyo, osati adokotala. Chabwino, tiyambe. Dzina langa Sangwan, zaka 61, ntchito yanga kusoka mayina a ana pa malaya a sukulu. Ndakhala ndikusanza kuyambira Lolemba. Ululu uli pamwamba pa mchombo, umapendekera kumanja, nthawi zina umakatulukira kumsana. Kutentha kwa thupi 37.6. Dilipi andiika kudzanja lamanzere. Lamanja ndawapempha alisiye, ndi la singano yanga.

Adokotala ndi kamnyamata, a Chanon, nkhope see ngati lumo silinapitepo. Andidina pamimba, ndalumpha. Akuti makina ounikira m'mimba a pano ndi okalamba, aona mpweya wokhawokha, ndiye andipezera malo ku chipatala chachikulu ku Sakon Nakhon. Galimoto inyamuka mawa masana. Potuluka auza Kwang kuti, "Mawa mubweretse mankhwala onse amene azakhali amamwa kunyumba. Onse, ngakhale azitsamba." Ine ndinali nditaweramira beseni, sindinaziike kumutu.

Kumanja kwanga kuli a Phaeng, ogulitsa nsomba za mumtsuko ku msika. Anawadula chala cha kuphazi chifukwa cha shuga. Andifunsa kale kwathu, ana angati, ndiponso ngati ndimaliza mkonono. Ndawauza kuti amuna anga a Khamphan analowa umonke ku kachisi wa kwathu zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Akuti, "Ee, ndiye munapuma bwino, asisi. Anga akadali moyo ndipo akadali pakhomo."

Lachisanu, 8 Ogasiti

Zachitika, ndipo ndazichita ndekha ndi pakamwa pangapa.

Kwang wabwera m'mawa ndi jumbo. Mwana uyu ukamutuma sasiya kanthu. Anamwino a Wilai akhuthulira zonse pathebulo: mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, mafuta opaka mawondo, ufa wa chifuwa wa chaka chatha, kenaka kabotolo kabulauni komwe ndinakabisa kuseri kwa chitini cha ulusi. Pakabotolopo pali pepala lojambulidwa tsamba lija, dzina langa lonse, ndi mawu akuti madontho atatu pansi pa lilime pogona.

Adokotala akanyamula, akayang'ana kuwindo.

"Azakhali, awa ndi mafuta a chamba. Ndi anu?"

A Phaeng anasiya supuni ili m'kamwa.

"Dzinalo ndi langa," ndinatero.

"Mumamwa tsiku lililonse?"

"Ee."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha."

Ndilembe pano kamodzi, kuti pakhale pepala limodzi padziko lonena zoona. Ine chamba sindinachilawepo, ngakhale dontho. Mafutawo ndi a Khamphan, amene tsopano aliyense amawatchula a Luangta, monga timatchulira amonke olowa atakalamba. Manja awo anayamba kunjenjemera zaka ziwiri zapitazo. Ndinaziona m'mawa wina akudutsa pakhomo ndi mbale yawo yolandirira chakudya, chivundikiro chikulira gwedegwede. Tulo analibe, maso atalowa. Ndiye ndinapita ku sitolo ya chamba ku tauni, ndinauza sing'anga wa chiphaso amene amakhala kuseri kwa katani kuti sindigona. Mafutawo ndimawathira m'kabotolo kopanda dzina, ndimakakulunga m'tsamba la nthochi, n'kukakwirira pansi pa mpunga womata m'mbale mwawo. Sanandipemphe. Sitinakambiranepo. Koma kabotolo kakatha ndimakapeza kali pa mpanda, kotsukidwa.

Lamulo la dziko silikaniza. Koma mkulu wa amonke kwathu ndi wouma ngati chitsa. Chichokereni nkhani ija ya kachisi wa m'boma lina komwe apolisi anayeza amonke n'kuwavula mikanjo, ananena poyera kuti wopezeka ndi choledzeretsa chilichonse anyamule zake. Awo aja anali mapiritsi oipa, osati mankhwala, koma pakamwa pa anthu sipasankha. Ndipo a Khamphan anamwa mowa zaka makumi atatu. Mkanjo ndi umene unawachotsa m'ngalande. Akauvula abwerera kuti? Anthu adzangoti chidakwa sichinasinthe, changosintha botolo.

Adokotala anakhala pansi n'kundifotokozera bwinobwino. Akuti alipo anthu amene akamwa chamba nthawi yayitali amayamba kusanza kosalekeza, ndipo mankhwala ake ndi kusiya basi.

"Mukasamba madzi otentha mumamvako bwino?"

"Madzi otentha? Ine ndine nkhuku yoti andisosole? Ndimasamba a mumtsuko, adokotala."

Anaseka, koma analemba. Akuti tidikire masiku angapo tione ngati kusanza kuleke kokha. Malo anga a m'galimoto apatsa mayi wa kumapeto uko amene ali ndi chotupa. Kabotolo akatsekera m'kabati ya anamwino.

Kwang anapinda jumbo yopanda kanthu kanayi, n'kutuluka.

Ndawerengera chonchi: kusanza sikuleka, chifukwa palibe chimene ndasiya. Akaona choncho anditumiza. Ndingotaya masiku ochepa. Masiku ochepa ndingapirire.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndasanza katatu. 37.9. Phala la mpunga masupuni anayi, labwerera.

Lero ndakhala ndi chidwi ndi chinthu chimodzi: kodi dzina likalembedwa limayenda mpaka kuti? Ine mayina ndimawadziwa pa nsalu. Mwana akasiyira mng'ono wake malaya, amabwera kuti ndimasule dzina lakale. Ulusi umachoka, koma timabowo timatsala, ukayang'anitsa padzuwa umawerenga ndithu. Papepala ndi pa kompyuta sindinaganizirepo.

Ku sitolo kuja, poyamba mtsikana ankangosuzumira chitupa changa n'kundibwezera. Masiku ano amachijambula ndi foni, amalemba m'buku lalikulu dzina, nambala ya chitupa, matenda ndi kuchuluka kwa mafuta, ndipo sing'anga amasaina. Ndinamufunsa kamodzi kuti bukulo limapita kuti. Anati kutha kwa mwezi amatumiza ku ofesi ya zaumoyo, nanga kumeneko amawerenga ndani, anangokweza mapewa. Chithunzi cha chitupa changa chili m'foni ya mtsikana amene dzina lake sindilidziwa, pakati pa zithunzi za chibwenzi chake ndi za mphaka.

Ndafunsa a Wilai akusintha dilipi kuti fayilo yanga amatsegula ndani.

"Adokotala, ife anamwino, ndi a kogawira mankhwala. Basi. Aliyense ali ndi nambala yake yolowera, akatsegula kompyuta imalemba kuti watsegula ndi uje."

"Nanga a zakudya?"

"Ayi, azakhali."

"Nanga bwanji mayi wa ngolo ya phala wanditsinzinira diso n'kuti andiwonjezera, chifukwa anthu a mtundu wanga njala imawavuta?"

A Wilai anayang'ana katani wa pabedi. Nanenso ndinamuyang'ana. Kansalu kobiriwira, kosafika ndi pansi pomwe. Kompyuta ili ndi nambala yolowera, koma kataniyu alibe.

A Phaeng ndiye akondwa ngati apeza m'bale.

"Asisi, nkhope yopemphera chonchi, kumbali muli katswiri! Tandiuzani, mumaona chiyani mukamwa? Njovu zouluka?"

"Ndimaona anthu osalowerera za eni."

"Aa, amenewo kulibe, ndiye kuti ndi champhamvu. Mayi anga ankaponya masamba awiri mumsuzi wa nkhuku, tonse tinkagona ngati mitembo. Panalibe wolemba dzina. Lero boma lavomereza, koma likufuna lidziwe amene wagona bwino."

Ndaseka mpaka kumanja kwandibaya.

Lamulungu, 10 Ogasiti

38.2. Kawiri m'mawa, kamodzi masana, zobiriwira zowawa.

Foni yalira ili m'manja mwa Kwang. Uthenga wochokera ku sitolo ija, wokhala ndi katsamba kovina: akundifunira mafuno abwino chifukwa tsiku langa lobadwa layandikira, ndibwere adzanditsitsire mtengo. Abale inu! Tsiku langa lobadwa Kwang yemweyu amaliyiwala, koma a chamba analikopera pachitupa.

Apa ndiye anaphulika, motsitsa mawu, mano atalumana.

"Amayi, mumasokera ana a anthu mayina. Aphunzitsi amabwera pakhomo panu. Mtsikana wopukuta pansi muno ndi wa kumudzi kwathu, mukudziwa? Abambo anatichititsa manyazi ndi mowa, taona ngati tapuma, lero ndi inu?"

"Ndi mankhwala, Kwang. Ndinagula ndi chitupa, masana, pakhomo lakutsogolo."

"Nanga munabisiranji kuseri kwa ulusi?"

Zandipweteka kuposa mimba.

Lolemba, 11 Ogasiti

Tchuthi. A Chanon kulibe mpaka Lachitatu. 38.6, kuzizidwa mpaka mano kugundana. Mabulangete awiri.

Ndikuganiza za kabotolo ka pa mpanda. Kanayenera kudzazidwa Lachinayi.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Tsiku la Amayi. Wodi yonse ikununkhira maluwa oyera, ana akugwada pambali pa mabedi. Kwa a Phaeng kwabwera ana aamuna atatu ndi papaya wosinja, anamwino alanda, a Phaeng atukwana mpaka mzimu wa agogo awo a namwinoyo.

Kwang wabwera ndi nkhata yake ya maluwa, waiika pamiyendo panga, wagwada. Nkhope ili gwa. A Phaeng amuponyera mawu: "Iwe mtsikana, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Kwang misozi chuu, koma sanandiyang'ane.

Kenaka a Phaeng anandisuzumira pafupi. "Asisi, tayang'anani kuno. Ha! Maso anuwa nawonso alowa umonke. Achita chikasu ngati mkanjo."

Anaitana adokotala ogwirizira, mayi wina wotopa amene akuyang'anira mawodi onse yekha. Anatsegula fayilo, anawerenga mzere woyamba, ndinaona chala chawo chikuima pamenepo. Akuti mafuta ena a chamba amavutitsa chiwindi, zimachitika. Atenga magazi, zotsatira mawa. Awonjezera mankhwala oletsa kusanza m'dilipi.

Apa ndiye ndaona kuti ndinawerengera molakwa. Ndinkayesa bodza langa likhala phee pamene ndinaliika. Ayi, likuyankha mafunso ine ndisanatsegule pakamwa. Chilichonse chimene thupi langa lichite, mzere uja uli ndi yankho kale.

Adokotala atachoka, a Phaeng anatsitsa mawu, koyamba chibwerereni.

"Ndakhala ndikukuonani. Munthu wozolowera chinthu akachisiya amachifunafuna, maso amapita kukabati. Inu simunayang'aneko n'kamodzi komwe. Sindikufunsani kanthu. Koma wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, asisi. Palibe adzakutsekulireni."

Ndinatembenukira kukhoma. Ndikanena kuti si ine, funso lotsatira ndi lakuti nanga ndani, ndipo katani ndi yemwe uja.

38.9. Ndikuopa. Ndalemba, ndikuopa.

Kwang akuti madzulo apita ku kachisi kukapereka maluwa otsala. Ndamuuza kuti asawauze abambo ake za ine. Wangoti, "Ayenera adziwe zimene mukuchita."

Lachitatu, 13 Ogasiti

A Luangta abwera. Adokotala akunditumiza ku Sakon Nakhon pompano. Dzanja silikugwira.

Loweruka, 16 Ogasiti

Chipatala chachikulu, nsanjika yachinayi. Pamimba pali timabala tinayi tomatidwa, kumanja kukutuluka kapaipi kopita m'kathumba. Ndulu anachotsa. Mwala unatseka njira ya ndulu ndipo mafinya anali atayamba. Anayamba auchotsa ndi paipi yolowetsa kukamwa Lachitatu lomwelo, opaleshoni ya ndulu Lachinayi. Adokotala a kuno akuti ndinachedwa, koma osati kwambiri. Mwalawo andipatsa m'kabotolo, waung'ono ngati njere ya bwemba. Kanthu kochepa chonchi! 37.2. Phala lakhazikika.

Tsopano ndilembe za Lachitatu ndisanayambe kuzikometsera.

Unali m'mawa, a Chanon atangoyamba kuyendera mabedi. Ndinamva wodi ikusintha, masilipasi akukhwekhwereza, anthu akutsika pamipando kukhala pansi. Nditatsegula maso ndinaona mkanjo pakhomo. Kwang ali kumbuyo kwawo, maso otupa.

A Luangta manja awo amawabisa mumkanjo nthawi zonse. Tsiku limenelo anawatulutsa. Ankagwedezeka ngati masamba, lamanja kwambiri, mpaka m'chigongono. Pansi pa maso pali bii. Masiku onse aja osagona. Anaima kumiyendo kwa bedi, patali pang'ono monga mwa lamulo lawo, n'kundiyang'ana m'maso achikasu aja.

"Yom," anatero. Ndi mmene mmonke amaitanira aliyense wosavala mkanjo, kaya ndi mayi ake, kaya ndi wogulitsa makala. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala Yom. "Kodi pogula amalemba dzina?"

"Amalemba."

"La ndani?"

"La wogula."

"Ine ndinkayesa amagula ngati mchere."

Ndinawapukusira mutu, kuwapempha ndi maso kuti akhale chete. Wodi yonse inali makutu okhaokha, mtsikana wa kumudzi uja ataima ndi chokolopera chake. Koma munthu uyu ngakhale ali chidakwa sankamva zanga.

Anatembenukira kwa adokotala, amene anali atagwirizanitsa manja pachifuwa.

"Adokotala, mayi uyu chamba sanachilawepo. Ndimamwa ndine. Taonani manjawa. Amandiikira pansi pa mpunga, ine ndimalandira, sindinafunsepo kuti zimachokera kuti. Muyang'aneni bwino, matenda ake ali pena."

Sanatsitse mawu n'komwe. Analankhula ngati akutsogolera mapemphero a maliro.

A Chanon anasanduka oyera, kenaka ofiira. "Azakhali, ndi zoona?"

"Ndi zoona."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kununkhiza ndimatseka mphuno."

Sanandikalipire, ngakhale ndikadakhala iwo ndikadatero. Anathamangira ku foni kukafunsa za magazi a dzulo, anabwerako akuthamanga, anandidinanso kumanja, ndinakuwa, iwo n'kuuza a Wilai kuti aitane ambulansi. Kenaka anatenga fayilo. Apa ngakhale ndinali kuyaka moto ndinadzutsa mutu, ndinkafuna ndione kuti afufuta bwanji. Sanafufute. Anadula mzere umodzi wowongoka pakati pa mawu aja, analemba tsiku pambali, anasaina, n'kulemba zatsopano pansi pake.

"Simufufuta?" ndinafunsa.

"Kuchipatala sitifufuta, azakhali. Timadula mzere umodzi kuti zakale zizionekabe. Kompyuta nayo imasunga zonse ziwiri."

Ndiye kuti mpaka ndidzafe, aliyense wotsegula fayilo yanga adzayamba wawerenga kuti Sangwan amamwa chamba, kenaka n'kuwerenga kuti ayi. Timabowo ta singano tomwe tija.

A Luangta anafunsa za kabotolo. Adokotala anati sangawapatse, kali m'dzina la munthu wina. Ngati akufuna thandizo atsike pansi, akatsegulitse khadi m'dzina lawo, awayeze manjawo bwinobwino, mwina pali mankhwala ena oposa amenewo.

"Ndipita," anatero.

"Nanga akulu a ku kachisi?" ndinafunsa ine, mawu akutuluka pang'ono.

"Ndayamba kwa iwo, kusanache. Ndawauza zonse."

"Ati bwanji?"

"Ati ndipite ndikaone wodwala, zina tikamba."

Anthu a machira anali atafika. Ndiye a Luangta anapisa m'thumba lawo la paphewa, anatulutsa kansalu kolandirira. Mkazi sapatsa mmonke chinthu m'manja, amaika pakansalu iye atagwira nsonga ina. Anakayala m'mphepete mwa bedi langa, anagwira nsonga yake, n'kudikira. Ine ndinalibe kanthu koti ndipereke. Dilipi, beseni, kope ili, basi.

A Phaeng ndi amene anazindikira. Anatambasula dzanja, anandiika lalanje m'chikhatho. "Perekani, asisi, musapite kumpeni manja ali opanda dalitso."

Ndinaika lalanje pakansalu. Sindinalisiye. Iwonso sanakoke. Kunjenjemera kwa dzanja lawo kunkadutsa munsalu, kulowa mulalanje, kufika m'zala zanga. Chilowereni umonke sindinawakhudzepo, ndipo apanso sindinawakhudze, aliyense anaona. Anayamba mawu a dalitso, anafika pakati, mawu anawathera.

"Amake Kwang," anatero pansipansi, "mwapusa kwambiri."

"Ndinatengera kwa amuna anga."

A Phaeng anafwenthera m'bulangete. Kwang anali atagwira phazi langa, analigwirabe mpaka mu ambulansi.

Lamulungu, 17 Ogasiti

37.0. Ndayenda mpaka kuchimbudzi ndekha, nditanyamula kathumba ngati ndikupita ku msika. Maso ayamba kuyera.

Namwino wa kuno watsegula fayilo yochokera kwathu, wawerenga, wandiyang'ana, wawerenganso. Ndamuuza kuti apitirize mpaka pansi pa mzere, nkhani imakoma kumapeto.

Kwang wandisambitsa, wandipesa. Akupesa anati, "Amayi, ndinakunenani zoipa." Ndinati pesa bwino, ukundizula. Tasiyira pomwepo.

Ndamutuma kuti akapita ku tauni akawauze a sitolo kuti sindidzabweranso, ndipo katsamba kovina kaja asiye kunditumizira. Koma m'buku lawo ndikhalamo ndithu, mayi wosagona tulo. Aliyense amene amawerenga mabuku amenewo ku ofesi ya zaumoyo, ngati alipo, ndimupepese: ndimagona ngati mwala.

Lolemba, 18 Ogasiti

Achotsa kapaipi. Akuti Lachitatu ndituluka. Zamafuta ndisiye kaye, nkhuku yootcha ndiziyinunkhiza chabe.

Kwang wabwera ndi nkhani za kumudzi, ndamuuza asandisankhire.

Nkhani inafika kumudzi a Luangta asanafike, monga ndinkadziwira. Mkanjo sanawavule. Akulu aja akuti mankhwala a dokotala ndi mankhwala, koma kubisa ndiye kulakwa, ndiye awaletsa kutsogolera mapemphero mpaka mvula ithe, ndipo mankhwala alionse azisungidwa kwa akuluwo, azikamwera pamaso pawo. M'mawa akuyendabe ndi mbale. Makomo atatu amene ankatuluka ndi mpunga satulukanso. Mkazi wa wokonza njinga akuti ananena mokweza kuti sangadyetse wosuta. Iwo anangodutsa, chivundikiro chikulira. Adokotala awapatsa mapiritsi a manjawo, za mafuta akuti aona mwezi wamawa.

Ndiyenera kukondwa, ndipo ndakondwa. Koma ndinene zoona, pali kena kakundiluma. Kabotolo ka pa mpanda kaja ndiko kanali kathu katokha, ine ndi iwo. Zina zonse ndinagawana ndi mudzi wonse: dalitso lomwelo, Yom yemweyo. Tsopano pansi pa mpunga ndiziikapo chiyani? Ndinamuuza Kwang zimenezi, sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndi mankhwala.

Iye anati, "Simunamve za khadi."

Akuti atandiika mu ambulansi, pamene ankandikonzera mapepala isananyamuke, iye anawaperekeza abambo ake kukatsegulitsa khadi. Kalaliki wa pawindo anafunsa dzina, iwo anapereka la umonke ndi lakale lomwe. Anafunsa zaka, kachisi, matenda. Kenaka anati, "Mukadwalika tiimbire ndani?" Kwang anayamba kutchula nambala yake, iwo anamuletsa ndi dzanja. Anatchula dzina langa lonse, ndi nambala ya foni yanga, pamtima, osaphonya. Munthu woti foni alibe.

Kalaliki anati, "Ndi ndani wanu? Pali kabokosi apa, ndiyenera kulembamo."

Akuti mzere wa anthu unali kumbuyo, kalaliki akudikira zala zili m'mwamba. Kwang ankayesa anena kuti Yom, kapena wopereka chakudya, monga amalembera amonke ena.

Anati, "Lembani kuti mkazi wanga."

Nditamva ndinaitana namwino. Anabwera msangamsanga, ankayesa bala latseguka. Ndinamufunsa ngati za m'kabokosi ka pakhadi nazonso zili ngati za m'fayilo, kapena zimenezo munthu angathe kuzifufuta.

Akuti nazonso sizifufutika.